Mazira Amene Anakwera Phiri

Mayi Obdulia anakwera basi atakumbatira chikwama ngati khanda, ndipo aliyense amene anatambasula dzanja kuti awalandire anamukana mwaulemu. Pansi pa juzi ndi mpango m'chikwamamo munali mazira khumi ndi awiri, lililonse lokulungidwa m'pepala lakelake. Sanauze munthu. Maganizo awo anali akuti basi ikaima mumzinda wa Almería, atsike ngati ofuna kukataya madzi, athamangire kwa masisitere a Klara Woyera, akasiye mazirawo pazenera, kuti madzulo a tsikulo kumwamba kuyere.

Nkhaniyi inayambira m'kalasi, mwezi wa Januwale. Noelia, mtsikana amene ankaphunzitsa sukulu ya kwacha m'mudzi wa Alcudilla, anabwera ndi kalata yochokera kuphiri, kwa akatswiri a nyenyezi. Akatswiriwo anavomera kuti ophunzira ake khumi ndi asanu ndi atatu akaone makina awo, ndipo dzuwa likalowa akayang'ane thambo pa telesikopu yaing'ono ya alendo. Anapereka masiku awiri a m'Malichi kuti asankhepo limodzi. Kalasi lonse linatembenukira kwa a Indalecio.

A Indalecio anaweta mbuzi zaka makumi asanu, ndipo nyengo ankaiwerenga momwe ankaiwerengera agogo awo. Masiku khumi ndi awiri oyamba a Ogasiti ankawagawira miyezi ya chaka chotsatira, tsiku limodzi mwezi umodzi. Masiku amenewo ankalawira kusanache, n'kumagadabuza miyala kuti aone ngati pansi pake pali chinyontho, n'kumayang'ana kayendedwe ka nyerere ndi kumene mphepo ikuchokera. Kale zonsezi ankazisunga m'mutu. Chiphunzirire kulemba, ankazilemba m'kope, zilembo zake zikuluzikulu zotagadza ngati mapazi a nkhuku.

Anatsegula kopelo, n'kulondola mzere ndi chala.

"Titenge la pa 21. Tsiku la Malichi linayamba ndi kamtambo, koma dzuwa litapendeka kunali mbee."

A Casilda, alamu awo a Mayi Obdulia, anali ndi foni yatsopano yowagulira mdzukulu, ndipo chiigwirire ankadziwa zonse.

"Ndiye tikwere phiri chifukwa nyerere zanena? Chaka chatha munati Epulo kugwa mvula, ine n'kubzala nyemba. Nyembazo munadya nawo, a Indalecio?"

Anthu anaseka. A Indalecio anatseka kope pang'onopang'ono.

"Mtambo ukadzabisa nyenyezi tsiku limenelo, m'kalasi muno simudzandionanso."

Ena anayesa nthabwala, koma osati Mayi Obdulia. Anakhala moyandikana ndi bambowa zaka makumi anayi, nyumba zogawana khoma, ndipo ankadziwa kuti mawu awo akatuluka sabwerera. Chaka china a Indalecio anakangana ndi mwini bala ya m'mudzimo pa masewera a makadi, n'kulumbira kuti sadzapondamonso. Mwini balayo anamwalira, bala inagulitsidwa kawiri, koma iwo ankadutsabe tsidya lina la msewu. Mayi Obdulia ankakumbukiranso chaka chimene bambowa anaferedwa mkazi. Mazenera anakhala chitsekere kuyambira Pasaka mpaka Pasaka winayo. Mbale ya msuzi imene ankawasiyira pakhomo madzulo ankaipeza m'mawa itangolawidwa. Chimene chinatsegula chitseko chija ndi sukulu ya kwachayi, Lachiwiri ndi Lachinayi, folo koloko. Akanaisiya, akanabwerera mumdima uja, mwina osatulukanso.

Ndiye sabata ya ulendo itafika, foni ya a Casilda n'kumaonetsa kamtambo kotuwa pa 21, Mayi Obdulia anagwada kutchalitchi Lamulungu n'kulonjeza mazira. Aliyense amadziwa kuti ukafuna dzuwa pa tsiku lako umapititsa mazira kwa masisitere a Klara Woyera, iwo n'kukupempherera. Chinkawavuta n'chakuti Lamulungu lomwelo ansembe anali atapempha mpingo wonse kuti upempherere mvula, poti mitengo ya alimondi inkauma.

"Ambuye, mvulayo sindikuikana," anatero chamumtima. "Ingoichedwetsani tsiku limodzi. Tadikira miyezi isanu ndi inayi, tsiku limodzi silingatiphe."

Basi inatsika m'zitunda, n'kudutsa m'minda yofoleredwa ndi mapulasitiki, nyanja ikunyezimira kumanja. Mayi Obdulia anakhala pampando wakutsogolo, chikwama pamiyendo, basi ikagunda bampu iwo n'kuchinyamula m'mwamba pang'ono. Ataona nyumba zazitali za mumzinda anayamba kumanga mpango. Koma basi sinakhote. Inawongoka ndi msewu waukulu wolambalala mzinda, nyumba zija n'kumatsalira kumbuyo.

Anakodola Noelia.

"Mwana wanga, kodi mumzindamu sitilowa?"

"Ayi mayi, tachedwa kale. Tikaima kuchipululu."

"Ine ndimati mwina alipo wina wofuna kukadzithandiza."

Dalaivala, bambo wadazi wokonda kuyankha zosafunsidwa, anawayang'ana pagalasi.

"Pirirani pang'ono, mayi. Kumene tikupitaku zitsamba n'zochepa, koma malo ndiye alipo."

Mayi Obdulia anamasula mpango uja. Anaupinda bwinobwino, n'kuuika pamwamba pa mazira, n'kuyamba kolona osatulutsa mawu.

Kuchipululu anafika dzuwa litakwera. Anatsika m'khwawa louma, mchenga wake wotuwa, makoma ake ong'ambika ngati buledi wa dzana. Noelia anagawa mapepala a mafunso ndi mapensulo, n'kuwauza kuti pamene aimapo kalekale panali pansi pa nyanja. Anawaonetsa zigoba za nkhono zomatirira m'thanthwe.

"Nyanjayo ikadakhalapo bwenzi nyemba zanga zitamera," anatero a Casilda. Kenaka analoza kaphiri kosongoka. "Paja ndi pamene ndinafera ine. Katatu. Anthu opanga kanema atabwera kudzajambula kuno ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anandiveka bulangeti n'kundiuza kuti mfuti ikalira ndigwe. Ndinagwa bwino kwambiri moti anandiitananso mawa lake."

"Lembani zimenezo pa funso lachitatu," anatero Noelia. "Likufunsa ntchito zimene anthu agwirapo m'chipululu."

A Indalecio ankayenda kumbuyo kwa onse, manja kumsana. Lamba wa nsapato ya Noelia ataduka, anazula udzu wina wolimba umene amalukira zingwe, anaupota pantchafu, n'kugwada movutikira kumumangira nsapatoyo. Mayi Obdulia anaona zimenezo. Anaonanso kuti podzuka bambowo sanayang'ane nsapato, anayang'ana kumadzulo. Kumeneko, pamwamba pa mapiri, kunali kamzere koyera, kopyapyala ngati ulusi. Atayenda pang'ono anakayang'ananso. Kanali katanenepa.

Chakudya chamasana anadyera pamthunzi wa thanthwe. Aliyense anatulutsa chake n'kuika pakati: buledi, tchizi cha mbuzi, azitona, soseji, malalanje. Mayi Obdulia anapita kukathira madzi m'makapu, chikwama atachibisa kuseri kwa mwala. Pobwerera anapeza a Casilda atapisamo dzanja mpaka m'chigongono.

"Ndimafuna mchere, alamu. Koma taonani umbombo wake. Mazira onsewa mumafuna mudye nokha?"

"Alamu, musa..."

Mochedwa. A Casilda anali atamasula kale limodzi n'kuligogoda pabondo kuti alisende. Linangoti phwa. Chikasu chinayenderera pasiketi yawo yopitira kutchalitchi mpaka pasokosi.

Chiphwete chinaphulika. A Casilda sanaseke nawo. Ankayang'ana bondo lawo, n'kuyang'ana m'chikwama, milomo ikuwerenga.

"Khumi ndi awiri. Aawisi. Okulungidwa ngati mphatso. Ndipo munthuyu amafunsa zolowa mumzinda." Anakweza mutu, maso atawala. "Anthuni, awa ndi mazira a masisitere. Alamu, kodi mukukwatiwa?"

Poti m'dera lonselo amene amapititsa mazira kwa masisitere ndi mkwatibwi, kuopa mvula pa tsiku la ukwati.

Mayi Obdulia anatsegula pakamwa. Maso awo anagwera pa a Indalecio, amene anali ataleka kusenda lalanje, mpeni uli m'manja. Akanena zoona, bambowa akanamva pamaso pa kalasi lonse kuti ngakhale woyandikana nawo nyumba sakhulupirira miyala yawo, wachita kukapempha thandizo kwa masisitere. Bodza nalo sankalitha. Ndiye anatseka pakamwa, n'kutenga nsalu kuyamba kupukuta siketi ya alamu awo.

"Sakukana," a Casilda analengeza. "Mchimwene wanga wangotha zaka khumi ndi zinayi m'manda, iwo ayamba kale kuyang'ana uku ndi uku. Ndani, alamu? Wogulitsa mankhwala uja? N'chifukwa chake chifuwa chanu sichikutha chaka chino?"

"Mwina ndi wa gasi," anatero mayi wina. "Kwathu amasiya botolo la gasi pakhomo, kwa iwowa amalowetsa mpaka kukhitchini."

"Ine ndili pabanja," anatero dalaivala akutafuna, "koma ngati nkhuku zake zimaikira chonchi, tikhoza kukambirana."

Nkhope ya Mayi Obdulia inatentha mpaka m'makutu. Pa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, anali asanakhalepo pakati pa nkhani yotere. Anangoti maso pansi, n'kumapukutabe siketi imene inali itayera kale.

"Asiyeni mayiwa adye," anatero a Indalecio. Mawu awo anali otsika, ndipo sanayang'ane munthu. Lalanje lija analigawa pakati, theka n'kuika pamwala pafupi ndi Mayi Obdulia. Theka linalo sanadye.

Msewu wa kuphiri unali wokhotakhota ngati matumbo. Chipululu chinatsalira m'munsi, kunayamba mitengo ya paini, makutu n'kumatsekeka. Anthu anayamba kuvala majuzi. Nyimbo yaukwati imene a Casilda anayambitsa kumbuyo inaimbidwa mavesi awiri, lachitatu linafera pakamwa, chifukwa basi inali italowa m'nkhungu. Poyamba inkabwera zidutswazidutswa. Kenaka inangoti mbuu, dalaivala n'kuyatsa nyali masana, basi ikukwawa. A Indalecio anali pampando wapawindo kutsidya kwa kanjira. Anapukuta galasi ndi mkono wa jekete kamodzi. Sanapukutenso.

Pamwamba anawalandira mayi wina wamfupi, wovala chijasi chofika m'maondo, amene anati dzina lake ndi Araceli ndipo wagwira ntchito paphiripo zaka makumi awiri. Anawauza kuti agwirane manja ngati ana a mkaka. Nyumba yaikulu ya telesikopu, imene imaoneka kuchokera kunyanja kukakhala koyera, anaizindikira atatsala pang'ono kuigunda ndi mphuno.

M'kati munkazizira kuposa panja. Onse anangoti kukamwa yasa. Chimakina chinaima pakati, chachitali kuposa nsanja ya tchalitchi cha kwawo, denga lozungulira lili pamwamba pake ngati chigoba. Mayi Obdulia anapeza dzanja lawo litayamba lokha chizindikiro cha mtanda. Araceli anadina batani, denga lonse n'kuyamba kuzungulira mwakachetechete, ena n'kugwira khoma poyesa kuti ndi chizungulire.

"Nanga diso mumaika pati?" anafunsa a Casilda.

"Palibe poika diso, mayi. Makinawa amajambula okha. Ife timakhala m'chipinda chofunda uko, tikuyang'ana pakompyuta, tikumwa khofi."

"Ndiye mumalandira malipiro chifukwa choonera wailesi yakanema usiku? Ntchito imeneyo ndakhala ndikuigwira ulere."

Araceli anaseka. Kenaka a Indalecio, amene anali asanayankhule chikwerere phiri, anafunsa ali kumbuyo.

"Panja simutuluka kukayang'ana kumwamba?"

"Timatuluka, bambo, koma amene amalamula ndi kachipangizo kali padengapo. Kamayeza chinyontho. Chikachuluka denga sititsegula, kuopa kuti galasi lingachite mame."

A Indalecio anagwedeza mutu, ngati munthu amene wamva za mnzake wa ntchito imodzi.

"Nanga lero kakuti chiyani?"

Araceli anayang'ana Noelia, kenaka anayang'ana gulu lonse.

"Pepani kwambiri. Lero sititsegula, ndipo telesikopu ya alendo sititulutsa. Nkhunguyi siichoka mpaka mawa."

Anawatengera m'chipinda cha alendo, mmene munali khofi wotentha ndi mabisiketi, kuti awaonetse zithunzi za nyenyezi pakhoma m'malo mwa nyenyezi zenizenizo. Anthu anakhala pansi mwaulemu. A Indalecio sanakhale. Anapita kwa Noelia, anatulutsa pepala la mafunso m'thumba, analiwongola pachifuwa, n'kumupatsa pamodzi ndi pensulo.

"Aphunzitsi, mwandiphunzitsa bwino. Ndayankha asanu ndi awiri. Atatuwo anali a nyenyezi."

"Bambo Indalecio, musatero."

"Inali nthabwala chabe, inu," anatero a Casilda, mawu atachepa. "Nyembazo n'kale ndinaziiwala. Ndipo zinali zofumbwa."

"Mawu ndinanena pagulu." A Indalecio anavala chipewa. "Ndikakudikirani m'basi."

Mayi Obdulia anali asanayankhulepo pagulu moyo wawo wonse, ngakhale kuwerenga mawu kutchalitchi ankakana. Anamva mpando wawo ukukhuluzika, n'kupeza ataimirira, chikwama chili m'manja.

"Mlandu ndi wanga."

A Indalecio anaima, dzanja lili pachitseko.

"Ukwati kulibe. Mazirawa ndinalonjeza Klara Woyera Lamulungu, kuti lero kuyere. Ndimayesa basi ilowa mumzinda." Zotsatirazo sanazikonze, zinangobwera. "Woyera mtima ukapanda kumulonjeza sakufunsa kanthu. Koma ukalonjeza, n'kudutsa pakhomo pake ndi katundu wake osaima, amakukumbutsa. Kodi pamene timanyamuka kunali mtambo?"

Woyamba kuzindikira cholinga chawo anali a Casilda, poti m'kamwa mwawo munali lumo koma mutu unkayenda.

"Kunalibe. Kunali mbee, monga ananenera bambowa. Kamtambo kanayamba titalambalala mzinda, ndinakaona ndi maso angawa."

"Ndipo kanakula mutaswa dzira lija," anatero mayi wa nkhani ya gasi uja.

"Eya. Dzira la woyera mtima, ine n'kuliswera pabondo ngati la kumsika. Alamu, mwatipalamulira tonse."

"Ndikanadziwa ndikanakhota," anatero dalaivala. "Ine ndi masisitere sitilimbana."

A Indalecio anatembenuka. Anayang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo aliyense anayesetsa kuoneka wachisoni. Pomaliza anayang'ana Araceli.

"Inu mwaphunzira, mayi. Mazira angabweretse nkhungu paphiri?"

Araceli anaika kapu pansi. Noelia ankamuyang'ana ngati mwana wopempha.

"Bambo, ife timayeza mphepo, chinyontho, fumbi ndi kuzizira," anatero mosamwetulira. "Mazira sitinayambe tayezapo. Ndiye chimene sindinayeze sindingachitsutse."

A Indalecio anachotsa dzanja pachitseko. Anayenda mpaka pamene panaima Mayi Obdulia, n'kutsitsa mawu, ngakhale chipinda chonse chinali makutu okhaokha.

"Ndiye kuti simunandikhulupirire."

Apa ndi pamene Mayi Obdulia ankaopa tsiku lonse. Sanathawitse maso.

"Ndinakukhulupirirani. Koma ngakhale bulu wamphamvu, pachitunda timamukankhirako ngolo."

"Bulu."

"Wamphamvu, ndatero."

Wina kumbuyo anatsamwa ndi bisiketi.

"Zaka makumi anayi tikumvana kutsokomola pakhoma, a Obdulia. Simudziwa kuti zamazirazi ine sindizikhulupirira?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukufuna ndinene kuti nkhungu iyi yabwera ndi nkhuku zanu?"

"Sindikufuna munene kanthu. Ndikufuna Lachiwiri folo koloko ndidzamve chitseko chanu chikutsekuka. Basi."

Sanadziwe kuti anena zimenezo. Atazimva zikutuluka anayang'ana m'chikwama ngati muli china chofunika kukonza.

A Indalecio anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, anachizunguliza m'manja. Kenaka anakonza kukhosi n'kuyankhula mokweza, kwa onse, ngati woweruza.

"Miyala ndinaiwerenga ndekha, ndipo ndinalumbira pa kuwerenga kwanga ndekha. Tsono munthu wina walowetsapo masisitere ine osadziwa. Akanakhala kuti kwayera, bwenzi a Casilda akunena kuti ndi mazira. Si choncho?"

"Ndikanatero kumene," anavomera a Casilda.

"Ndiye mpikisano wotero ndi woonongeka mbali zonse. Lero siliwerengedwa."

"Siliwerengedwa," linatero kalasi lonse, ngati poyankha pemphero.

"Mayi," a Indalecio anatembenukira kwa Araceli, "muli ndi tsiku lina mu Meyi? Tsiku la Meyi pansi pa miyala panali gwa, pouma ngati fupa."

"Ndikayang'ana m'buku. Koma mudzabwere ndi kope lanulo, ndikufuna ndidzalione."

"Lidzabwera. Ndipo sabata imeneyo wina aliyense asadzayandikire khola la nkhuku."

Noelia anawabwezera pepala ndi pensulo, misozi ikulengeza m'maso. A Indalecio anakhala pampando woyandikana ndi Mayi Obdulia. Araceli anazimitsa magetsi, pakhoma n'kuoneka nyenyezi zambirimbiri zowunjikana ngati mchere wotayika pansalu yakuda, ndipo anayamba kufotokoza kuti kuwala kwa zina kunanyamuka kwawo chipululu chija chikadali pansi pa nyanja. Mumdimamo a Indalecio anapendekera kumbali.

"Ndiye wa gasi uja palibe chake?"

"Palibe."

"Wamankhwala?"

"A Indalecio, mverani phunziro."

Anamvera. Patapita kanthawi anatambasula dzanja n'kutenga mabisiketi awiri, n'kudya onse.

Mayi Obdulia zithunzizo sanazione bwino. Mumtima anali akupepesa kwa Klara Woyera, mayi wofatsa amene sanasungirepo munthu mangawa, koma lero wanamiziridwa pamaso pa anthu makumi awiri kuti amatseka thambo chifukwa cha mazira. Anamulonjeza kuti mawa akwera basi ya m'mawa kukapereka khumi ndi limodzi otsalawo, ndi ena atatu owonjezera opepesera. Loweruka linali tsiku lokalapa kwa ansembe. Anayamba kuganiza momwe adzaifotokozere nkhaniyi kwa ansembe, amene khutu lawo lakumanzere linafa, moti tchimo lililonse amati ulibwereze mokweza, anthu ali pamzere kunja.

Potuluka, nkhungu inali itakhuthala moti basi inkangodziwika ndi kulira kwa injini. Gulu linagwirananso manja. A Indalecio anatenga chikwama chija m'manja mwa Mayi Obdulia, ndipo ulendo uno iwo sanakane.

"Pondani pamene ndikuponda ine," anatero bambowo. "Pali madzi oundana apa."

Anachinyamula ndi manja awiri, patsogolo, pang'onopang'ono, mpaka pakhomo la basi.